Chisamaliro cha amayi oyembekezera ku Kabudula

Chisamaliro cha amayi oyembekezera ku Kabudula ndi ntchito yomwe anamwino ndi azamba ophunzitsidwa amagwira pa chipatala cha Kabudula ndi zipatala zina za kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, pofuna kuti mayi ndi mwana wake adutse bwino nthawi ya pakati, ya uchembere ndi masabata oyamba mwana atabadwa. Anthu ambiri amangoitchula ntchitoyi kuti sikelo, chifukwa chinthu choyamba chomwe mayi amachita akafika ndi kukwera pa sikelo kuti aone kulemera kwake. Ntchitoyi ili ndi mbali zinayi zikuluzikulu: kuyeza mayi ndi mwana amene ali m'mimba, kupereka mankhwala mosamala, kufufuza matenda akumtundu ndi zilema zobadwa nazo, komanso kulangiza za kadyedwe.

Dera ndi zipatala zake

Kabudula ili kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, m'dera la Mfumu Yaikulu Kabudula. Anthu ambiri kumeneko ndi Achewa ndipo amalima chimanga, fodya, mtedza ndi soya. Chipatala cha Kabudula ndi cha boma, ndipo chimalandira amayi otumizidwa kuchokera ku zipatala zazing'ono zozungulira monga cha Nsaru. Ku Namitete, kufupi ndi msewu wa Lilongwe–Mchinji, kuli chipatala cha St Gabriel's chomwe chinakhazikitsidwa mu 1959 ndi masisitere a chipani cha Carmelite ochokera ku Luxembourg. Chipatalachi, pamodzi ndi cha mishoni ya Nambuma, chili pansi pa bungwe la zipatala za mipingo la CHAM. Amayi a ku Mpingu amathandizidwanso pa chipatala chaching'ono cha Chitedze.

Vuto likakula kuposa zipangizo za pamalopo, mayi amatumizidwa mumzinda, ku chipatala cha Bwaila kapena ku Ethel Mutharika Maternity Wing pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central. Misewu yambiri yolowera m'midzi ndi yafumbi, ndipo nthawi ya dzinja imaterera moti ulendo wa pa njinga yakabaza kapena yamoto umatenga nthawi yaitali. N'chifukwa chake amayi okhala kutali amalangizidwa kupita ku chidikiro mwezi womaliza ukakwana, kuti matenda akayamba akhale ali kale pafupi ndi azamba.

Mbiri

Kwa zaka zambiri amayi akumudzi ankachirira kwa azamba a m'midzi. Mu 2007 boma linaletsa azambawa kubereketsa, ndipo mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachotsa chiletsocho, koma ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo inapitirira kulimbikitsa kuti mayi aliyense azichirira kuchipatala. Mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda anayambitsa ntchito ya uchembere wabwino yomwe inapatsa mafumu udindo waukulu, motsogozedwa ndi Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu. Kuyambira nthawi imeneyo mafumu ambiri anaika malamulo a m'mudzi olipiritsa banja lomwe mayi wachirira pakhomo kapena panjira.

Kafukufuku wa boma wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo amaonetsa kusintha komwe kwachitika. Mu 2004 amayi 984 pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo ankamwalira chifukwa cha uchembere. Mu 2010 chiwerengerochi chinali 675, ndipo mu kafukufuku wa 2015–16 chinatsika kufika pa 439. Kafukufuku womalizayu anapezanso kuti amayi 91 pa 100 alionse ankachirira kuchipatala, koma mayi mmodzi yekha mwa anayi ndi amene ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba.

Anamwino ndi azamba m'Malawi amalembetsedwa ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1966. Ena amaphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inapangidwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine. Ambiri mwa omwe amagwira ntchito kumidzi amachokera ku Malawi College of Health Sciences ndi ku makoleji a CHAM monga ya Nkhoma. M'midzi amathandizidwa ndi alangizi a zaumoyo, omwe amayendera amayi pakhomo.

Zochitika ku sikelo

Mu 2016 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi azikumana ndi wazaumoyo kasanu ndi katatu pa mimba imodzi, m'malo mwa kanayi monga zinalili kale, ndipo Malawi inatsatira malangizowa. Ulendo woyamba uyenera kuchitika mimba isanapitirire masabata 12. Maulendo ena amakhala pa masabata 20, 26, 30, 34, 36, 38 ndi 40.

Pa ulendo woyamba namwino amafunsa tsiku lomwe mayi anayamba kusamba komaliza, ndipo kuchokera pa tsikulo amawerenga masabata 40 kuti apeze nthawi yomwe mwana akuyembekezeka kubadwa. Amafunsanso za mimba zam'mbuyomu: ngati mayi anapitapo padera, anaberekapo mwana wakufa kapena wosakwana masiku, anachitidwapo opaleshoni, kapena anataya magazi ambiri. Zonsezi zimalembedwa m'kabuku ka kuchipatala komwe mayi amasunga yekha.

Kenako amayeza kulemera, kuthamanga kwa magazi, kuchuluka kwa magazi m'thupi, kachilombo ka HIV, chindoko, ndi mkodzo. Kuthamanga kwa magazi kukafika 140/90 kapena kupitirira, makamaka mimba itadutsa masabata 20 ndipo mkodzo ukuonetsa puloteni, mayi amakhala pa chiopsezo cha matenda omwe amatha kumukomola ndi kumugwetsa ngati wa khunyu. Namwino amayeza msinkhu wa mimba ndi tepi. Kuyambira cha m'masabata 24, masentimita a mimba amayenderana ndi chiwerengero cha masabata, choncho kusiyana kwakukulu kungasonyeze mapasa, madzi ochuluka, kapena mwana amene sakukula bwino. Mtima wa mwana wathanzi umagunda pakati pa ka 110 ndi ka 160 pa mphindi imodzi.

Mayi aliyense amaphunzitsidwa zizindikiro zoopsa zomwe sayenera kudikira nazo tsiku la sikelo: kutaya magazi, mutu waukulu ndi kuona zideru, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, kupweteka kwambiri m'mimba, kusweka kwa nsupa nthawi isanakwane, ndi mwana kusiya kusewera m'mimba. Amauzidwanso kukonzeratu zitenje, beseni, pepala la pulasitiki, ndalama ya mayendedwe ndi munthu womudikirira. Zipatala zimalimbikitsa kuti abambo azibwera nawo, makamaka pa ulendo woyamba, kuti ayezetse magazi limodzi ndi akazi awo.

Chimodzi mwa zifukwa zomwe amayi amachedwera kuyamba sikelo ndi mwambo wobisa mimba ikadali yaing'ono, poopa kuti anthu oipa mtima angaimange. Mtsikana wa mimba yoyamba nthawi zambiri amadikira kuti akuluakulu amulange kaye, pa mwambo womwe Achewa amautcha chisamba. Anamwino ndi mafumu amayesa kugwira ntchito ndi anamkungwi kuti mwambowu usachedwetse ulendo woyamba wa kuchipatala.

Mankhwala operekedwa ku sikelo

Mankhwala owonjezera magazi a ayironi ndi folic acid amamwedwa tsiku lililonse. Amatha kuchititsa nseru, kudzimbidwa ndi chimbudzi chakuda, ndipo amayi ena amawasiya chifukwa cha zimenezi kapena poopa kuti mwana akula kwambiri n'kuvuta pobadwa. Namwino amafotokoza kuti chimbudzi chakuda si matenda, ndipo kumwa mankhwalawa utadya kapena pogona kumachepetsa nseru.

Malungo mwa mayi woyembekezera amachepetsa magazi, amachititsa kupita padera, ndiponso mwana amabadwa wochepa thupi, ngakhale mayiyo asakumva kudwala. Mu 1993 Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kuyamba kupereka mankhwala a SP, omwe ambiri amawadziwa kuti Fansidar, kwa amayi oyembekezera pofuna kupewa malungo. Mayi amamwa mapiritsi atatu pamaso pa namwino kuyambira pa masabata 13, motalikirana mwezi umodzi, katatu kapena kupitirira pa mimba yonse. SP saperekedwa m'miyezi itatu yoyamba. Saperekedwanso kwa mayi amene akumwa kale cotrimoxazole, yemwe amadziwika kuti Bactrim, chifukwa mankhwala awiriwa ndi a mtundu umodzi ndipo kuwaphatikiza kumaonjezera zovuta. Mayi amalandiranso neti yonyikidwa m'mankhwala. Akadwala malungo amayezedwa kaye asanalandire mankhwala. Malungo aakulu amachizidwa ndi jekeseni wa artesunate, ndipo mu 2022 WHO inavomereza kuti LA angaperekedwe ngakhale m'miyezi itatu yoyamba.

Katemera wa kafumbata amateteza mayi ndi mwana wakhanda. Mayi amabayidwa kasanu pa moyo wake: koyamba, patatha masabata anayi, patatha miyezi isanu ndi umodzi, kenako kawiri motalikirana chaka chimodzi. Mankhwala a njoka za m'mimba a albendazole amaperekedwa miyezi itatu yoyamba ikadutsa. Wopezeka ndi chindoko amabayidwa benzathine penicillin, ndipo mwamuna wake ayeneranso kulandira chithandizo, apo ayi mayi amatenganso matendawa.

Mu Julayi 2011 Malawi inayamba ndondomeko yotchedwa Option B+, yomwe imati mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV ayambe ma ARV nthawi yomweyo ndi kumwa moyo wake wonse, osadikira kuyeza chitetezo cha m'thupi. Ndondomekoyi inayambira m'Malawi ndipo mayiko ena ambiri anaitengera. Kuyambira mu 2019 ma ARV omwe ambiri amamwa ali ndi dolutegravir. Ayironi ndi kashiamu amalepheretsa dolutegravir kulowa bwino m'magazi ngati wamwa pamodzi m'mimba mulibe kanthu, choncho mayi amauzidwa kumwera pa chakudya kapena kusiyanitsa nthawi. Mwana wobadwa kwa mayi wotere amapatsidwa mankhwala a madzi a nevirapine m'masabata asanu ndi limodzi oyamba.

Mankhwala oyenera kupewa

Mankhwala ambiri amadutsa mu nsengwa n'kufika kwa mwana, ndipo nthawi yoopsa kwambiri ndi masabata oyambirira pomwe ziwalo zikuumbika. Dziko linaphunzira zimenezi movutika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, pomwe mankhwala a thalidomide, omwe ankaperekedwa pochepetsa nseru, anachititsa kuti ana oposa 10,000 m'mayiko osiyanasiyana abadwe ndi manja kapena miyendo yosakwanira.

Doxycycline ndi tetracycline amaononga mano ndi mafupa a mwana. Brufen ndi diclofenac amatha kuononga impso za mwana ndi kusokoneza kayendedwe ka magazi mu mtima wake, makamaka mimba ikakula. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi monga enalapril ndi captopril saloledwa, ndipo m'malo mwake amapereka methyldopa kapena nifedipine. Mankhwala a khunyu a sodium valproate amaonjezera chiopsezo cha zilema za msana ndi ubongo. Komabe mayi wa khunyu sayenera kusiya yekha mankhwala, chifukwa kugwa nakonso kungaphe iye ndi mwana. Ayenera kukaonana ndi dokotala, makamaka asanatenge pakati. Pa ululu ndi kutentha thupi, Panado ndi amene amaloledwa pa mlingo woyenera.

Vuto lalikulu kumidzi ndi mankhwala ogulidwa m'maokala ndi pa misika monga wa Nsaru, omwe amagulitsidwa opanda pepala la dokotala, ena atakhalitsa padzuwa kapena atatha mphamvu. Bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board potsatira lamulo la 2019.

Palinso mankhwala azitsamba otchedwa mwanamphepo, omwe amayi ena amamwa kuti matenda ayambe msanga kapena afulumire. Mankhwalawa alibe mlingo wodziwika. Amatha kulimbitsa chiberekero mopitirira muyeso njira isanatseguke, zomwe zingabanikitse mwana kapena kung'amba chiberekero. Azamba amafunsa mayi mosamukalipira ngati wamwa mankhwalawa, chifukwa mayi amene akuopa kudzudzulidwa amabisa, ndipo chithandizo chimachedwa. Mowa wa mtundu uliwonse, kaya kachasu kapena masese, komanso fodya wosuta ndi wofwenkha, ndi zoletsedwa pa nthawi yonse ya pakati.

M'chipinda chochirira, mzamba amabaya mayi oxytocin mwana akangobadwa kuti chiberekero chibwerere ndi kupewa kutaya magazi. Mankhwalawa amafunika kusungidwa mu fuliji, ndipo akatenthedwa amachepa mphamvu. Pomwe palibe oxytocin amagwiritsa ntchito mapiritsi a misoprostol. Mayi wokomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi amabayidwa magnesium sulphate, ndipo namwino amayang'anira kapumidwe kake ndi kuchuluka kwa mkodzo, popeza mankhwalawa akachuluka m'thupi amafooketsa kupuma. Asanapereke mankhwala alionse, namwino amatsimikiza zinthu zisanu: munthu wake, mankhwala ake, mlingo wake, njira yake ndi nthawi yake.

Matenda akumtundu ndi zilema zobadwa nazo

Mwana amatenga theka la chibadwa chake kwa mayi ndi theka lina kwa bambo, kudzera mu tizinthu ta m'maselo totchedwa majini. Mawu amenewa ndi a sayansi ndipo sakhudzana ndi majini a mizimu. Pa zipatala zakumidzi, kufufuza matenda akumtundu kumadalira kwambiri mafunso omwe namwino amafunsa okhudza banja la mayi ndi la bambo, kuunika mimba ndi makina a sikani, ndi kumuyang'ana bwino mwana akangobadwa. WHO imalangiza kuti mayi aunikidwe kamodzi masabata 24 asanakwane, kuti adziwe msinkhu weniweni wa mimba, ngati muli mapasa, ndi zilema zina zooneka.

Matenda a sickle cell amapinda maselo ofiira a magazi kukhala ngati chikwakwa. Mwana wodwala amatupa manja ndi mapazi, amamva ululu waukulu m'mafupa, amachepa magazi pafupipafupi ndipo maso ake amachita chikasu. Mwana amadwala pokhapokha atatenga jini ya matendawa kwa makolo onse awiri. Ngati bambo ndi mayi onse ali ndi jini imodzi, iwo sadwala, koma pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa inayi woti mwana adwale, iwiri mwa inayi woti akhale wongonyamula jiniyo, ndi umodzi mwa inayi woti asatenge konse. Mpatawu sumasintha ngakhale banja litabereka kale mwana wodwala. Ana oganiziridwa matendawa amatumizidwa ku Kamuzu Central, komwe kuli kiliniki yake.

Chialubino chimayenda mwa njira yomweyo: makolo awiri akuda akhoza kubereka mwana wachialubino ngati onse ali ndi jiniyo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi. Kufotokoza izi kwa bambo ndi achibale ndi ntchito yofunika ya namwino, chifukwa amayi ena amasiyidwa ukwati kapena kunamiziridwa chigololo atabereka mwana wotere. Banja limalangizidwanso za zipewa, zovala zazitali manja ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa.

Matenda a Down syndrome amabwera mwana akakhala ndi kromozomu 21 yowonjezera, ndipo mpata wake umakula mayi akapitirira zaka 35. Chilema cha msana wotseguka chimachitika m'masiku 28 oyamba, nthawi yomwe amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima. Folic acid amachepetsa kwambiri chilemachi, koma amathandiza akayamba kumwedwa mayi asanatenge pakati kapena mimba ikangoyamba. Mwana wobadwa ndi mapazi opindika akhoza kuwongoledwa ndi pulasitala ngati chithandizo chayamba m'masabata oyamba. Gulu la magazi a mayi nalonso ndi lofunika: mayi wa Rhesus negative amene wanyamula mwana wa Rhesus positive amafunika jekeseni wa anti-D kuti ana obwera pambuyo asavutike.

Kadyedwe

Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi zamafuta. Mayi woyembekezera amalangizidwa kuonjezera chakudya chimodzi pa tsiku, ndipo woyamwitsa ziwiri. Zambiri mwa zakudyazi zimapezeka m'dera la Kabudula: nsima ya mgaiwa, yomwe ili ndi michere yambiri kuposa ya ufa woyera, nyemba, khobwe, soya ndi mtedza, usipa, matemba, mazira, ngumbi ndi mbewa, bonongwe, chisoso, nkhwani ndi khwanya, zotendera ndi nsinjiro, mango, magwafa, mapapaya ndi nthochi. Mbatata yofiira m'kati imapereka vitamini A. Mchere uyenera kukhala wa ayodini, womwe umathandiza ubongo wa mwana kukula, ndipo shuga ndi mafuta ophikira ogulitsidwa m'dziko muno amaikidwa vitamini A.

Mayi amati wachepa magazi muyeso wa hemogulobini ukatsika pansi pa 11, ndipo ukatsika pansi pa 7 ndiye kuti vuto ndi lalikulu. Mayi wotere akataya magazi ngakhale ochepa pochira, moyo wake umakhala pa chiswe. Tiyi amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi akamwedwa pamodzi ndi chakudya, pomwe zipatso zowawasa monga malalanje, bwemba ndi malambe zimathandiza. Chilakolako chodya dothi nthawi zambiri chimayenderana ndi kuchepa kwa ayironi, ndipo dothilo likhoza kukhala ndi mazira a njoka za m'mimba. Mtedza ndi chimanga zachuku zili ndi poizoni wa aflatoxin ndipo siziyenera kudyedwa kapena kusinjidwa.

Miyezi ya Januwale mpaka Malichi ndi yovuta, chifukwa nkhokwe zimakhala zitatha, ntchito ya kumunda ndi ya fodya ili pachimake, ndiponso malungo ali ponseponse. Mabanja amalangizidwa kufutsa masamba nthawi ya dzinja ndi kusungako mtedza ndi soya m'malo mogulitsa zonse. Namwino amayeza kukula kwa mkono wa mayi ndi kalamba, ndipo wopezeka wonyentchera amalembedwa pa ndondomeko ya chakudya chowonjezera monga Likuni Phala. Zikhulupiriro zina zimaletsa mayi kudya mazira poti mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Zimenezi zilibe umboni, ndipo zimamana mayi chakudya chotsika mtengo chomanga thupi.

Pochira ndi pambuyo pake

Matenda akayamba, mzamba amalemba pa pepala lapadera momwe njira ikutsegukira, kugunda kwa mtima wa mwana ndi momwe mayi alili, kuti aone msanga ngati uchembere ukuchedwa. Kuchedwa kwa nthawi yaitali mwana atapanikizika kumatha kuboola chikhodzodzo, n'kusiya mayi ndi matenda a fisitula omwe amadonthetsa mkodzo. Atsikana aang'ono ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu, ndipo kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko saloleza ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Amayi a fisitula amachitidwa opaleshoni ku Bwaila.

Mwana akabadwa amapukutidwa, kuikidwa pachifuwa cha mayi ndi kuyamwitsidwa ola loyamba lisanathe. Mkaka woyamba wachikasu sutayidwa chifukwa uli ndi chitetezo. Pa mchombo sapaka phulusa, ndowe kapena zitsamba. Mwana wosakwana masiku amasungidwa pachifuwa, khungu kukhudzana ndi khungu, mwa njira ya kangaru. Mayi ndi mwana amaonedwa asanatuluke m'chipatala, patatha sabata imodzi, ndi patatha masabata asanu ndi limodzi, pomwe mwana amapitiriza katemera ndipo mayi amasankha njira yakulera. Mwana amayamwa bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi, kenako amayamba phala uku akupitiriza kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira.